Apozi ndi Luso la Kukwatitsa Mitengo

Dzina la Mwanza likatchulidwa, chimene Amalawi ambiri amakumbukira msanga ndi manachesi. Nyengo yachisanu ikafika, madengu a zipatsozi amandanda m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kumka ku Zobue. Koma mumsewu womwewo mumadutsa magalimoto akuluakulu ochokera ku South Africa atanyamula chipatso china, apozi, chimene timachigula modula chikhalirecho mapiri ozizira tili nawo. Kuti timvetse chimene chikutilepheretsa, tiyenera kuyamba ndi mbiri ya mtengowu.

Kwawo kwenikweni kwa apozi ndi ku mapiri a Tian Shan, m'dziko la Kazakhstan, kumene mpaka lero kuli nkhalango za maapozi akutchire. Amalonda apaulendo ndiwo adafalitsa njere zake kumka kumadzulo. Alimi akale sadachedwe kuona chodabwitsa: njere ya apozi wotsekemera imamera mtengo wobala zipatso zina ndithu, kawirikawiri zazing'ono ndi zowawasa. Chifukwa chake n'chakuti duwa la apozi limafuna mungu wa mtundu wina wa apozi, umene njuchi zimabweretsa, kotero njere iliyonse ndi mwana wa makolo awiri osiyana. Apa mpamene mlimi wa ku Mwanza angasokere, pakuti nachesi lidamzoloweza zina. Njere zambiri za manachesi zimamera mtengo wotengera mayi wake. Apozi alibe ulemu umenewo.

Mankhwala a vutoli adali kumezanitsa, kumene alangizi a zaulimi amakutcha kukwatitsa mitengo, ndipo Aroma ankalidziwa lusoli zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mlimi amadula kanthambi ka mtengo wobala bwino nakasema mbali ziwiri ngati mphero. Kenaka amang'amba tsinde la mtengo wina waung'ono, kulowetsamo kanthambiko, n'kumanga zolimba kuti mphepo ndi madzi zisalowe. Chinsinsi chagona pansi pa khungwa, pamene pali mnofu wobiriwira. Mnofu wa kanthambi ukapanda kukhudzana ndi wa tsinde, ukwatiwo watha usanayambe. Ukakhudzana, mizu imakhala ya mtengo wina, zipatso n'kukhala za winanso, ndipo mtengo wotere umayamba kubala patatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa njere ungadikiritse mwini wake kawiri kuposa apo.

Taganizirani za apozi wobiriwira uja wotchedwa Granny Smith. M'chaka cha 1868, mayi Maria Ann Smith adapeza kamtengo kongodzimerera pamunda pawo pafupi ndi mzinda wa Sydney ku Australia. Granny Smith aliyense wodutsa pachipata cha Mwanza lero adathyoledwa pa nthambi ya mtengo umodzi womwewo, imene yakhala ikupatsiranidwa kuchoka m'manja kupita m'manja kwa zaka zoposa 150.

Kummwera kwa Africa mtengowu udafika ndi Adatchi, amene adakhazikika ku Cape mu 1652 motsogozedwa ndi Jan van Riebeeck, ndipo adathyola maapozi oyamba mu 1662. Udakhazikika bwino kumeneko chifukwa cha chisanu. Apozi amayoyola masamba n'kugona, ndipo mitundu yambiri ya ku Ulaya imafuna maola 800 kapena kuposerapo a kuzizira kwenikweni kuti idzuke ndi maluwa. Kwathu kuno mitengo yotere imangophuka mwa apo ndi apo, ngati munthu wodzutsidwa tulo tisanathe.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1950. Ku Israel, Abba Stein adatulutsa mtundu wotchedwa Anna, pamene ku zilumba za Bahamas kudapezeka wina wotchedwa Dorsett Golden. Yonse iwiri imakhutira ndi maola ochepera 300, ndipo popeza imachita maluwa nthawi imodzi, imabzalidwa moyandikana kuti izipatsana mungu. M'madera otentha alimi ena amachita kupulula masamba ndi manja pofuna kuunamiza mtengo kuti chisanu chadutsa.

Mitundu imeneyi ndiyo ingayanjane ndi mapiri a Kirk Range, maka zitunda za Neno, dera limene lidali mbali ya boma la Mwanza kufikira mu 2003. Chosowa kumeneko si nthaka kapena chisanu ayi, koma nazale zokwanira za mbande zokwatitsa, ndi manja ambiri odziwa kugwira mpeni.