Kodi Mfuti ya Gogodela Inacokera Kuti?

Mnzanga wowerenga, kodi unapangako mfuti ya nsungwi yoombera tizipatso? Masewerawa ali ndi mbiri yowawa.

M'zaka za m'ma 1800, Acikunda a ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero timati Luangwa, anali kubwera ndi mfuti za gogodela zocokera kwa Apwitikizi. Atsogoleri ao, monga Kanyemba, anali kufuna minyanga ya njobvu ndi akapolo, ndipo Asoli, mtundu wathu wa kuno kwa Bundabunda, anazunzika nazo.

Mu 1890 maiko ambiri anagwirizana ku Brussels kucepetsa malonda a mfuti ndi onga mu Afrika muno. Komabe mfuti zakale zinatsala m'midzi. Zikaonongeka, osula makasu ndiwo anali kuzikonza ndi mvukuto, nyundo ndi mbaniro. Pambuyo pace ena anayamba kupanga zao ndi mipope wamba. Mpope wotere supirira mphamvu ya onga. Ukaphulika umadula zala, mwina kuboola maso a mwini wace.

Luso la makolo lisatayike, koma iwe sula khasu ndi nkhwangwa. Kumbukiranso kuti mfuti yopanda laisensi ingakufikitse kundende.