Kuchokera pa mpalo wa kumudzi kufika pa chikumbutso cha ku Chileka

M'midzi yozungulira Madisi, m'boma la Dowa mpaka kumapiri a Ntchisi, maliro sathera kumanda. Mtembo ukaikidwa achibale amameta, koma mwambo waukulu umadikira kukolola. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mwini mbumba amaitanitsa mpalo. Amayi amafulula mowa, ng'oma zimalira usiku wonse, Kasiyamaliro amatuluka kudambwe, ndipo mzimu wa malemu umaperekezedwa kuti ukakhale pamodzi ndi makolo. Imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zakale za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, Akhristu analetsedwa kupita kubwalo la gule. Komabe mtima wokumbukira wakufa ndi nyimbo sunathe. Unalowa m'mwambo wa chiliza, kumene makwaya amaimba ana akuonetsa manda a bambo awo atamangidwa.

Chikumbutso cha oimba a magitala chinakhwimira kummwera, m'mudzi wa Singano ku Chileka, kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba komanso banja la Fumulani. Malemu Robert Fumulani, mtsogoleri wa Likhubula River Dance Band, anamveka kwambiri pa wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ana ake, Musamude, Anjiru ndi Chizondi, anakulira pakati pa zoimbira, ndipo pambuyo pake anagwirizana ndi mbale wawo Evison Matafale m'gulu la Black Missionaries.

Matafale sanakhalitse. Atatulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 Novembala 2001 anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Imfayi inawawa dziko, ndipo ikuwawabe. Ambiri ankati gululo lathera pomwepo, koma Musamude anatenga maikolofoni, zimbale za Kuimba n'kupitirira kuwerengedwa. Naye anamwalira mu 2007, mbale wawo Gift Fumulani n'kutsatira mu 2008. Utsogoleri unagwera Anjiru, mothandizana ndi Chizondi komanso Anthony Makondetsa.

Maliro otsatizanawa ndiwo anakulitsa chikumbutso chimene chimachitika ku Chileka chaka ndi chaka chakumapeto kwa Novembala. Chinayamba ndi dzina la Matafale, koma lero chimakumbukira oimba onse a m'banjamo amene anatisiya, kuphatikizapo bambo awo Robert. Tsikulo achibale ndi Marasta amayamba apita kumanda, kenako khamu limasonkhana pabwalo kumvera magulu osiyanasiyana mpaka dzuwa kulowa. Pakhomo salipiritsa, ndipo pamenepa ndi pamene pagona ulemu wake: pamaliro sipagulitsidwa matikiti. Mwana akaimba nyimbo ya bambo ake pabwalo limeneli, amakhala akuchita zomwe mwini mbumba wa ku Madisi amachita pofulula mowa wa mpalo.

Mitundu ina nayo ili ndi njira zake. Ayuda amasunga tsiku la imfa ya kholo chaka chilichonse: amayatsa kandulo woyaka usana ndi usiku, ana n'kunena pemphero la Kaddish m'sunagoge. Shlomo Carlebach, rabi woimba ndi gitala amene anabadwira ku Berlin mu 1925, atamwalira mu 1994 mwana wake Neshama anayamba kuimba nyimbo zake m'maiko osiyanasiyana, ndipo ku Jerusalem ndi ku New York anthu amasonkhanabe pa nyengo ya imfa yake kudzaziimba.

Tikabwerera kuno kwathu, boma la Dowa lidasonyeza kale kuti lingathe kulandira phwando lalikulu la nyimbo. Kuyambira 2014, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka kwakhala kukuchitika Tumaini Festival, imene anayambitsa mlakatuli wochokera ku Congo, Menes la Plume. Chosowa n'chakuti akatswiri ambiri a kaligo, bangwe ndi ng'oma za chisamba ndi chimtali m'midzi ya kuno amamwalira nyimbo zawo zisanajambulidwe, maina awo n'kutsala pachiliza pokha. Ana awo, mafumu ndi mipingo ya ku Madisi ndi Ntchisi ajambule nyimbozi eni ake akadali moyo, ndipo apatule tsiku loziimba pagulu.