Zach Edey ndi Draft ya NBA ya 2024

Zach Edey ndi wosewera basketball wa ku Canada, wobadwira mumzinda wa Toronto pa 14 May 2002. Anasewerera yunivesite ya Purdue, m'boma la Indiana ku United States, kuyambira 2020 mpaka 2024, ndipo pa draft ya NBA ya mu June 2024 timu ya Memphis Grizzlies inamusankha pa nambala 9. Dzina lake limatchulidwa kawirikawiri anthu akamakambirana funso limene lavuta akatswiri a masewerowa kwa zaka zambiri: bwanji wosewera amene wagonjetsa aliyense ku koleji amatha kukayikiridwa ndi matimu a ligi yaikulu?

Mmene draft imayendera

Draft ndi mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu 30 a NBA amagawana osewera atsopano mosinthana. Pali zigawo ziwiri, chilichonse cha malo 30, ngakhale mu 2024 anasankhidwa 58 okha chifukwa matimu awiri analandidwa malo awo ngati chilango. Mu 2024 matimu 14 amene analephera kufika m'masewero a ndime yomaliza ya sizoni analowa m'maere ofuna kupeza oyamba kusankha, ndipo malinga ndi lamulo limene linayamba mu 2019, atatu amene anachita moipitsitsa anali ndi mwayi wofanana, wa 14 pa 100, wotenga nambala 1. Wosewera ayenera kukwanitsa zaka 19 m'chaka cha draft, ndipo amene waphunzira ku America ayenera kukhala atatha chaka chimodzi chichokereni ku sekondale. Lamuloli linayamba kugwira ntchito mu 2006.

Kusiyana kwa zigawo ziwirizi n'kwa ndalama. Wosankhidwa m'chigawo choyamba amalandira kontirakiti ya zaka ziwiri yotsimikizika, ndipo timu ikhoza kuwonjezera zina ziwiri. Wa m'chigawo chachiwiri alibe chitsimikizo chotero. Amayenera kukambirana yekha ndi timu, ndipo ambiri amathera mu G League, ligi yaing'ono ya pansi pa NBA, kapena kumakasewera ku Ulaya ndi ku Asia.

Ku Purdue

Edey anachedwa kuyamba basketball. Ali mwana ankasewera baseball ndi hockey ya pa ayezi, ndipo anayamba kulimbikira basketball ali ndi zaka pafupifupi 15. Anapita ku IMG Academy ku Florida, koma pomaliza sekondale sanali ngakhale pa mndandanda wa achinyamata 100 amene makoleji ankawalimbirana. Mphunzitsi wa Purdue, Matt Painter, amene amadziwika ndi kuumba osewera aatali, ndiye anamutenga.

Zaka ziwiri zoyamba ankagawana malo ndi Trevion Williams. M'sizoni ya 2022-23 ndi pamene anaphulika: mapointi 22.3 ndi marebaundi 12.9 pa masewero alionse, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji a dziko lonselo. Koma sizoniyo inatha ndi manyazi. Mu March 2023 Purdue, imene inalowa mumpikisano wa makoleji wa NCAA ili pa nambala 1 m'chigawo chake, inagonja 63-58 kwa Fairleigh Dickinson, ya nambala 16, timu ya anyamata aafupi amene anathamanga mpaka kuisokoneza Purdue. Aka kanali kachiwiri kokha m'mbiri ya mpikisano wa amuna kuti nambala 16 igwetse nambala 1.

Chaka chimenecho Edey analembetsa draft, anayesedwa ndi matimu, kenako anachotsa dzina lake kumapeto kwa May n'kubwerera kusukulu, monga malamulo a NCAA amalolera. Olosera ambiri ankamuika m'chigawo chachiwiri. M'miyezi yotsatira anali m'timu ya dziko la Canada imene inatenga mendulo ya nambala 3 pa World Cup ya 2023. Sizoni yake yomaliza ku Purdue inaposa ya 2022-23 ija: mapointi 25.2 ndi marebaundi 12.2. Anagoletsa mapointi 40 pogonjetsa Tennessee ndi kufikitsa Purdue m'gulu la matimu anayi omaliza koyamba chichokereni 1980. Mu fainolo, pa 8 April 2024, anagoletsa 37, koma Connecticut inapambana 75-60. Anachoka ku Purdue ali ndi mapointi 2,516, kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyo, ndipo anakhala woyamba kulandira mphoto ya Naismith, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, zaka ziwiri zotsatizana chichokereni Ralph Sampson kumayambiriro kwa m'ma 1980.

Chimene matimu ankakayikira

Pa mayeso a mu May 2024 ku Chicago, kumene ofuna kulowa draft amapimidwa thupi ndi luso, Edey anapezeka wamtali mamita 2.23 wopanda nsapato, wolemera makilogalamu pafupifupi 136, ndipo atatambasula manja onse awiri ankafika mamita 2.41. Zaka 30 zapitazo, m'nthawi ya Shaquille O'Neal ndi Hakeem Olajuwon, thupi lotere pamodzi ndi mapointi ake zikanamuika pafupi ndi nambala 1 popanda mkangano. Koma NBA inasintha.

Vuto lalikulu linali kutchinga. Ku koleji munthu wamtali akhoza kuima pansi pa dengu n'kumadikira adani. Mu NBA, kuyambira 2001, wotchinga saloledwa kukhala m'bokosi la pansi pa dengu masekondi oposa atatu ngati sakulondera munthu. Mzere wa mapointi atatu ulinso patali, mamita 7.24 poyerekeza ndi 6.75 ya ku koleji, ndiye bwalo limatambasuka. Matimu amachita dala kukokera chimphona kunja: mnzake wa wogwira mpira amaima ngati chipupa kutsekereza womulondera, ndipo wamtali uja amakakamizika kutuluka kukakumana ndi wosewera wothamanga amene angathe kuponya ali kutali. Akatsalira kumbuyo, amuponyera pamaso, akatuluka, amudutsa. Masewero a NBA ndi a mphindi 48, osati 40, ndipo timu imayenera kuponya pasanathe masekondi 24, osati 30. Miyendo ya munthu wa makilogalamu 136 imamva kusiyana kumeneku.

Chachiwiri chinali kagoletsedwe kake. Purdue inamanga zonse mozungulira iye: mpira ulowe mkati, iye atembenukire dengu, aponye ndi dzanja limodzi kapena achimwiridwe. Pa zaka zinayi anagoletsa mpira wa mapointi atatu kamodzi kokha. Palibe timu ya NBA imene ikanamupatsa mpira kambiri chotero. Chachitatu chinali msinkhu. Anali ndi zaka 22, pomwe Zaccharie Risacher ndi Alex Sarr, a ku France amene anatengedwa pa nambala 1 ndi 2, anali ndi 19. Matimu amagula chimene mnyamata angadzakhale, ndipo wa zaka 22 amamuona ngati wafika kale pafupi ndi malire ake.

Okayikirawo anali ndi umboni. Luka Garza wa ku Iowa, wopambana onse m'makoleji mu 2021, anatengedwa pa nambala 52. Oscar Tshiebwe wa ku DR Congo, amene analandira ulemu womwewo ku Kentucky mu 2022, sanasankhidwe n'komwe mu 2023. Ndipo Memphis yomweyi inali itapsapo kale: mu 2009 inatenga Hasheem Thabeet wa ku Tanzania pa nambala 2, n'kusiya James Harden ndi Stephen Curry, ndipo Thabeet sanakhazikike mu ligiyi.

Komabe amene ankamuikira kumbuyo ankaona zina. Edey ankapita patsogolo chaka chilichonse, chinthu chosadabwitsa kwa munthu amene anayamba mochedwa. M'sizoni yomaliza ankasewera mphindi zoposa 30 osafooka, ndipo mipira yaulere ankagoletsa 7 pa 10 ilionse, zimene zimasonyeza dzanja lofewa. Draft ya 2024 inalinso yopanda nyenyezi yoonekeratu, ndiye munthu wodziwika bwino chimene amatha anakwera mtengo.

Kusankhidwa

Pa 26 June 2024, ku Barclays Center ku Brooklyn, Portland inatenga Donovan Clingan, chimphona cha Connecticut chimene chinalimbana naye mu fainolo, pa nambala 7. Memphis inatenga Edey pa 9, pamwamba kuposa mmene olosera ambiri ankaganizira. Timuyo inali itapambana masewero 27 okha pa 82, inali itagulitsa Steven Adams ku Houston, ndipo inkafuna munthu wotola marebaundi ndi kutsekulira njira nyenyezi yake Ja Morant, pambali pa Jaren Jackson Jr.

M'sizoni yake yoyamba Edey anasewera masewero 66, ndi mapointi 9.2 komanso marebaundi 8.3 pa masewero alionse, ndipo anaikidwa m'timu yoyamba ya osewera atsopano asanu opambana. Manambalawa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Purdue, monga okayikira aja ananenera, koma ndi a munthu woyambira masewero mu NBA, osati wa m'chigawo chachiwiri. Mu June 2025 anachitidwa opaleshoni ya kakolo wakumanzere.