Mbiri ya Kuphunzira m'Magulu ku Katete

Pamene amishoni a Dutch anatsegula Nyanje m'caka ca 1905, m'dziko limene lero ndi boma la Sinda, maphunziro anali obwereza: mphunzitsi ananena, ana onse nayankha pamodzi, ndipo wosadziwa anabisala m'mau a anzace. Sukulu ya Jeanes, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939, inakonza aphunzitsi oyendera anzao m'midzi, koma cizolowezico sicinathe msanga.

Mu 2016 Katete inali mwa maboma anai oyamba kuyesa njira ya Catch Up, yocokera ku India. Aphunzitsi anayamba aphunzira okha kugawa ana a Giredi 3 mpaka 5 m'magulu monga mwa kudziwa kwao, kuti azithandizana kuwerenga. Mutu umodzi susenza denga. Komatu gulu lopanda mphunzitsi wokonzeka ndi phokoso cabe.