Sukulu Pamthunzi wa Mgodi: Mmene Ana a ku Kitwe ndi Ndola Anaphunzirira

MUTAIMA m'mbali mwa msewu wa Jambo Drive ku Riverside m'Kitwe mmamaŵa, mudzaona achichepere ambirimbiri akuthamangira m'makalasi a Copperbelt University, mabuku ali m'khwapa, ena akudya chitumbuwa chogula panjira. Kwa iwo kupita kusukulu sikuli kwachilendo. Komabe, agogo awo amene anabadwira m'makomboni apafupi sanali kuloledwa ngakhale kuponda pakhomo pa sukulu zina za m'tauni yomweyo. Kodi zinthu zinasintha motani? Ndipo kodi ana a ku Migodi anaphunzira kuti pamene malo m'kalasi anali ochepa?

Ana Amene Sanayembekezeredwe

Ndola inayamba monga boma mu 1904, koma Kitwe inamera chifukwa cha mkuwa. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo tauniyo inakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Amuna anadza kuchokera ku Luapula, ku Kasama, ku Fort Jameson imene lero ili Chipata, ndi ku Nyasaland. Atsamunda analingalira kuti munthu wakuda adzagwira ntchito kwa kanthaŵi chabe ndi kubwerera kumudzi. Chotero sanafulumire kumanga sukulu. Koma akazi anatsatira amuna awo, ana anabadwa, ndipo m'makomboni monga Wusakile munadzaza ana osoŵa kopita masana.

Matchalitchi ndiwo anayamba kuchitapo kanthu. Mu 1936 mamishoni angapo Achiprotestanti anagwirizana kugwirira ntchito pamodzi m'matauni a migodi, likulu lawo likumakhala pa Mindolo m'Kitwe, ndipo anayendetsa sukulu zapulaimale mothandizidwa ndi boma. Aphunzitsi ena a m'nthaŵiyo anadzakhala anthu odziŵika. A Harry Nkumbula anaphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe m'ma 1940. A Simon Kapwepwe anaphunzitsa pa Wusakile. Mu 1948 a Kenneth Kaunda anali woyang'anira ana ogonera pasukulu ya mgodi ku Mufulira, kumene analinso mtsogoleri wa masikauti ndi wa kwaya.

Onani kuti amuna ameneŵa sanathere pachoko ndi bolodi. Madzulo anali kukumana m'maholo a welofeya, kuŵerenga nyuzipepala, kuchita mikangano ya mawu ndi kulemba makalata odandaula kuboma. Mnyamata amene anakhala kumbuyo kwa holo akumvetsera anali kuphunzira zimene silabasi inalibe: kuima pamaso pa anthu ndi kufotokoza mlandu mwaulemu koma mosaopa.

Khomo Lopapatiza

Kumaliza Sitandade 6 m'masikuwo kunali chinthu chachikulu. Wofuna kupitirira anafunikira kupikisana ndi ana a dziko lonse kaamba ka malo oŵerengeka pasukulu monga Munali ku Lusaka, imene inayamba maphunziro a sekondale mu 1939. Pamene zinali choncho, Llewellin High School ku Ndola ndiponso sukulu za Kitwe Boys ndi Kitwe Girls zinali za ana a azungu. M'nthaŵi ya Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, maphunziro a azungu anali m'manja mwa boma la Chitaganya, pamene a anthu akuda anasiyidwa kuboma la Northern Rhodesia. Ana aŵiri obadwira m'tauni imodzi, amene atate awo anatsika mumgodi umodzi, anali ndi mtsogolo mosiyana kotheratu.

Zipatso zake zinaonekera pa 24 October 1964. Dziko limene linali pakati pa otulutsa mkuwa wochuluka koposa padziko lapansi linalandira ufulu lili ndi nzika pafupifupi 100 zokha zokhala ndi digiri ya payunivesite.

Zitseko Zitseguka

Pambuyo pa ufulu sukulu za azungu zinatsegukira onse. Llewellin inakhala Kansenshi, ndipo Kitwe Girls inatchedwa Helen Kaunda. Kuyambira chapakati pa ma 1960 Chingelezi chinakhala chinenero chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Motero mwana wa makolo a kum'maŵa anali kulankhula Chinyanja panyumba, Chibemba pabwalo la mpira, ndi Chingelezi m'kalasi. Palibe amene anampatsa satifiketi ya luso limenelo, koma linamthandiza moyo wake wonse.

Sukulu zonga Chiwala ku Ndola zinatulutsa anthu amene anadzatumikira dziko. A Levy Mwanawasa, amene anakhala pulezidenti kuyambira 2002 kufikira imfa yawo mu 2008, anaphunzira pamenepo. Ofuna ntchito zamanja ndi zamakina anapita ku Northern Technical College ku Ndola kapena ku Zambia Institute of Technology ku Kitwe, popeza migodi inafunikira nzika zoloŵa m'malo mwa akatswiri akunja.

Belu lomaliza likalira, maphunziro ena anali kuyamba. Panali makalabu a JETS, kumene ophunzira anali kupanga tizipangizo tasayansi ndi mawaya ndi zitini zotola, makalabu a maseŵero ndi a mikangano ya mawu, makwaya, ndi magulu oŵerenga Baibulo. Migodi inali ndi mabwalo a mpira ndi makalabu a nkhonya. Gulu loimba la Witch, limene linatchuka m'ma 1970, linayambira m'Kitwe pakati pa anyamata a m'komboni. Pa Mindolo Ecumenical Foundation, yokhazikitsidwa mu 1958, panali maphunziro a utsogoleri wa achichepere ndi a amayi, pamene Africa Literature Centre inaphunzitsa olemba nkhani ndi ojambula ochokera m'maiko ambiri a Afirika. Laibulale ya pamenepo inatchedwa dzina la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pangozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu September 1961.

Pamene Mkuwa Unagwa

Koma sukulu yomangidwa ndi ndalama za mkuwa imadwala mkuwa ukadwala. Mu 1975 mtengo wake unagwa kwambiri, ndipo sunadzuke msanga. Madesiki othyoka sanakonzedwe. Ana anakhala pansi kapena panjerwa, buku limodzi likumadutsa m'manja ambiri. Ena analoŵa m'kalasi mmamaŵa ndipo ena masana, kuti chipinda chimodzi chikwanire magulu aŵiri. Mayeso a Giredi 7 anakhala ngati sefa, ndipo ana ambiri anzeru anatsala, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa malo kusekondale anali ochepa.

Boma linalamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi munda kapena khola lake, kotero ana a m'tauni anaphunzira kugwira khasu ndi kuŵeta nkhuku. Kumapeto kwa ma 1970 omaliza Fomu 5 anatumizidwa ku Zambia National Service kukaphunzira usilikali ndi ulimi. Ambiri ananyinyirika, komabe kumeneko mwana wa manijala ndi mwana wa malonda anadya nsima ya mumphika umodzi.

Kampani ya ZCCM, yopangidwa mu 1982, inatsegula sukulu yake ya Mpelembe m'Kitwe mu 1983 kuti ikonzekeretse mainjiniya amtsogolo. Koma ana ambiri anali kunja kwa mpanda umenewo. Mu December 1986 kukwera kwa mtengo wa ufa kunabutsa zipolowe m'matauni a ku Migodi. Pofika mu 2000, pamene kugulitsa migodi kwa makampani kunamalizidwa, atate zikwi zambiri anali atachotsedwa ntchito, ndipo AIDS inali itasiya ana ambiri amasiye. Ophunzira ena anali kugulitsa tomato pamsika wa Chisokone kapena wa Masala asanapite m'kalasi, kuti apeze ndalama za yunifomu ndi za mayeso. Ena analoŵa sukulu zausiku kapena kuphunzira mwa makalata, njira imene a Frederick Chiluba, amene anagwirapo ntchito ku Ndola asanakhale pulezidenti mu 1991, anaigwiritsiranso ntchito. Mu 1997 boma linalola atsikana amene anatenga pathupi kubwerera kusukulu atabala, ndipo khomo limene linali kutsekeka kosatha linatsegukanso.

Yunivesite Pakhomo

Mkati mwa mavuto omwewo Kitwe inapeza yunivesite. Mu 1978 University of Zambia inayambitsa kumeneko maphunziro a zamalonda, ndipo mu 1987 lamulo la Nyumba ya Malamulo linakhazikitsa Copperbelt University monga yunivesite yoima payokha. Mu 1989 Zambia Institute of Technology inaphatikizidwamo, ndipo mu 2011 sukulu ya zaudokotala inatsegulidwa ku Ndola.

Moyo wa pamenepo wakhala ndi maphunziro akeake. Popeza zipinda zogona zinachepa, ophunzira anazoloŵera kusunga anzawo m'chipinda cha anthu aŵiri, kusonkherana ndalama za ndiwo, ndi kuŵerenga mosinthana. Ndalama za chakudya zikachedwa, mitima inali kutentha. Mu February 2016 zipolowe za ophunzira zinachititsa boma kutseka yunivesiteyi limodzi ndi ya ku Lusaka kwa milungu yambiri. Dandaulo linali lenileni, koma mwala woponyedwa pagalimoto ya munthu wodutsa sunadyetse aliyense, ndipo amene anavutika koposa anali ophunzira osauka amene analibe ndalama zobwererera kwawo. Ndalama za chakudyazo zinachotsedwa mu 2019 ndi kubwezeretsedwa mu 2023.

Nanga Inu?

Mu 2002 malipiro a sukulu anachotsedwa kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ndipo mu January 2022 anachotsedwa kufikira Giredi 12 m'sukulu za boma. Makalasi anadzaza kwambiri, koma mpando umene agogo anu anaulirira mwina inu mwaukhalira lero.

Mbiri ya Kitwe ndi Ndola imasonyeza kuti mtengo wa mkuwa umakwera ndi kutsika, kampani imabwera ndi kupita, koma chimene munthu waphunzira palibe angamlande. Chotero samalirani phunziro la m'kalasi, koma musanyoze la m'munda wa sukulu, la m'kwaya, kapena la pamsika pamene muthandiza amayi anu. Ndipo madzulo ano, bwanji osafunsa atate, amayi kapena agogo kuti akusimbireni za sukulu yawo? Afunseni chimene anakhalira, mtunda umene anayenda, ndi chifukwa chake analekera pamene analekera.