Kulipira dokotala pamwezi: zomwe mbiri yandiuza za maloto a msuweni wanga

Patchuthi chapitachi ndinakhala masabata awiri ku Senga Bay, kwa msuweni wanga yemwe ndi clinical officer. Watopa ndi mzere wa odwala wosatha, ndipo akufuna kugulitsa puloti yomwe anamusiyira malemu bambo ake kuti atsegule kachipatala kakekake. Sakufuna kuti munthu azilipira tsiku lomwe wadwala. Akuti banja lizipereka kangachepe mwezi ndi mwezi, ndiye wina akagwidwa malungo kapena likodzo azingobwera, osafunsidwa khobidi. Ku America amati direct primary care: palibe kampani ya inshulansi pakati, dokotala ndi anthu ake basi. Anandifunsa ngati zotere zinachitikapo kuno, poti pabanja pathu wophunzira mbiri ndine.

Choyamba chomwe ndinapeza n'chakuti Mmalawi wodziimira payekha pa udokotala wakhala wosowa kuyambira kale. Kunyanja kuno mankhwala achizungu anabwera ndi amishoni. Dr Robert Laws anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo kwa zaka zambiri chipatala chinali cha mpingo kapena cha boma la atsamunda. Dr Daniel Malekebu anaphunzira ku Meharry, ku America, nabwerera mu 1926, koma naye ntchito yake anaigwirira pansi pa mpingo, ku PIM ku Chiradzulu.

Kamuzu ndiye nkhani yomwe inandichedwetsa. Anamaliza ku Meharry mu 1937, napitiriza ku Edinburgh, koma kwawo khomo silinatseguke kuti agwire ntchito molingana ndi madokotala achizungu. Anakathera ku Harlesden, mu London, komwe anali ndi chipatala chake. Mu 1948 dziko la Britain linayambitsa NHS, ndipo madokotala onga iye ankalipidwa potengera chiwerengero cha anthu olembetsa kwa iwo, osati odwala omwe abwera tsikulo. Taonani, ndi maganizo a msuweni wanga omwewa! Kusiyana kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu: kumeneko ndalama inkachokera ku boma, osati m'thumba la wodwala.

Atabwerera pa 6 July 1958 anatsegula chipatala ku Limbe, koma ndale zinamumeza, ndipo pa 3 March 1959 anamangidwa. Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti munthu yemwe anadyera udokotala wodziimira payekha analamulira dziko zaka pafupifupi 30 zipatala zoterezi zili zowerengeka. Lamulo lokhazikitsa Medical Council of Malawi linabwera mu 1987, ndipo College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Tizipatala tolipira tomwe timationa m'misika lero ndi ta posachedwapa, tambiri n'ta ma clinical officer ndi ma medical assistant, osati madokotala.

Ndiye mbiri ya kulipiriratu yomwe tili nayo ndi iti? MASM imathandiza makamaka olembedwa ntchito, omwe ndalama yawo imadulidwa pamalipiro. Zipatala za CHAM zimalipiritsa, koma boma limachita nazo mgwirizano kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe ulere. Paliponse pamene ndondomekoyi yayenda, pamakhala wina wamphamvu kumbuyo: bwana, mpingo, kapena boma.

Msodzi wa ku Salima alibe wotere. Ndalama yake imayenda ndi nyanja. Usipa ukagwidwa, m'thumba mumalemera. Mwera ukawomba cha mu June ndi July, ngalawa zimagona pamchenga. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa cha mu December mpaka April, mwambo womwe wakhalapo kwa zaka zambiri. Miyezi imeneyi ndi yadzinja, pamene malungo amavuta kwambiri ndipo chimanga m'nyumba chatha. Odwala adzachuluka nthawi yomwe olipira achepa. Komanso chipatala cha boma ku Salima ndi chaulere, ngakhale mankhwala amasowa.

Sindinamuuze kuti asiye. Ndinati aiwale za pamwezi, ayese kulipiritsa kamodzi pachaka nsomba zikamagwidwa, ndipo alankhule ndi eni ngalawa kuti azilembetsera alovi awo, monga momwe kampani imalembetsera antchito ake. Anaseka, nati ndikulankhula ngati buku. Komabe m'mawa mwake ndinamupeza padoko ndi kope, akuwerenga ngalawa. Za pulotiyo tagwirizana kuti adikire kaye mpaka Mbenji atsegule.