Maluwa Amene Anasemphana pa Njira ya ku Kabula

Mwezi wa Okutobala ukafika, ife okhala mu mzinda wa Blantyre timadziwa popanda kuyang'ana pa kalendala. Mitengo ya jakaranda imayoyola maluwa ake m'misewu ya ku Sunnyside, ku Namiwawa ndi ku Mandala, boganivila amayaka pa mipanda ya ku Nyambadwe ndi ku Mpingwe, ndipo mlendo wochokera kutali amatiyamikira kuti dziko lathu ndi la maluwa okongola. Timavomera ndi msangala. Koma tikafuna kunena zoona, jakaranda ndi boganivila kwawo ndi ku South America, mtengo wa maluwa ofiira uja Azungu amautcha flamboyant kwawo ndi ku chilumba cha Madagascar, ndipo bulugamu wa ku Limbe kwawo ndi ku Australia. Tsono nanga maluwa a nthaka ino, amene ankaphuka pakati pa Michiru, Ndirande ndi Soche mzinda usanamangidwe, anapita kuti? Yankho lake lili m'mbiri ya mzinda womwewu.

Makolo athu sankabzala maluwa pakhomo. Bwalo labwino linali losesedwa mbee, lopanda udzu wobisa njoka, ndipo zobzalidwa pafupi ndi nyumba zinali nthochi, nsatsi, tsabola ndi mitengo ya mankhwala. Tisafulumire kunena kuti anthu amenewo sankaona kukongola. Panalibe chifukwa chotengera duwa kunyumba pamene thengo linkayambira kuseri kwa nkhokwe. Mayi wopita kukatunga madzi ku Mudi kapena ku Naperi, mvula ya chizimalupsa itangogwa, ankadutsa pakati pa maluwa amene sanabzalidwe ndi munthu ndipo sankafuna wothirira.

Dimba la maluwa monga tikulidziwira lero linafika ndi amishoni a Church of Scotland, amene anakhazikitsa Blantyre Mission m'dziko la mfumu Kapeni mu Okutobala 1876. M'gulu loyambalo munali mnyamata wina wodziwa za madimba, John Buchanan, wobadwa m'chaka cha 1855. M'chaka cha 1878 kunabweranso wina, Jonathan Duncan, atanyamula timitengo titatu ta khofi tochokera m'munda wa zomera wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanapulumuka, ndipo kamodziko ndiko kanakhala kholo la minda ya khofi imene inadzaza mapiri a kuno cha m'ma 1890. Tiyi nayenso anayesedwa poyamba m'dimba la mishoni lomweli, mbewu zake zisanapite ku Mulanje m'chaka cha 1891. Pamene David Clement Scott ankamaliza tchalitchi cha St Michael and All Angels m'chaka chomwecho, pa mishoni panali kale misewu ya mitengo yobzalidwa m'mizere, zipatso zachilendo ndi maluwa a kwawo kwa amishoniwo. Munthu akakhala kutali ndi kwawo amafuna kanthu komukumbutsa kumudzi, ndipo pa ichi sitingawadzudzule. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: zipatso zambiri zimene ana athu akudya lero zinadzera njira ngati imeneyi.

Koma pa njira yomweyo yotsikira ku Shire, imene amtengatenga ankakwera atasenza mbewu za ku Ulaya, pankatsikanso akatundu ena. John Kirk, dotolo amene anadutsa m'mapiri ano pamodzi ndi David Livingstone m'chaka cha 1859, anali atayamba kale kutola zomera ndi kuzitumiza ku Kew, munda waukulu wa zomera wa ku London. Buchanan anapitiriza ntchitoyo. Atachotsedwa pa mishoni m'chaka cha 1881, pa milandu ya nkhanza imene inagwedeza mishoniyo, anakhazikika ku Zomba monga mlimi, ndipo kufikira imfa yake ku Chinde m'chaka cha 1896 anali atatumiza zomera zambirimbiri za dziko lino. Alexander Whyte, amene anayambitsa munda wa zomera wa boma ku Zomba, anakwera phiri la Mulanje m'chaka cha 1891 natola nthambi za mkungudza. Kenneth Cameron, wogwira ntchito ku kampani ya Mandala, anatumiza ku Kew chomera china cha m'matanthwe, cha masamba onenepa aminga m'mbali, ndipo chitachita maluwa kumeneko, akatswiri anachilemba m'buku m'chaka cha 1903.

Pachifukwa ichi, munthu akatsegula mabuku a zomera za Malawi amangokumana ndi maina a alendo. Mkungudza wa ku Mulanje ndi Widdringtonia whytei. Chomera cha Cameron chija ndi Aloe cameronii. Mbale wake wa masamba ang'ono ngati udzu, amene amapezeka m'dziko lino lokha, ndi Aloe buchananii, ndipo analembedwa m'chaka cha 1895. Duwa lina la m'mithunzi, la mtundu wa jinja, ndi Siphonochilus kirkii. Nanga amene analozera Azunguwa pamene zomerazo zinali, amene anakumba ndi kusenza, ndani? Analipo ndithu, pakuti mlendo sadziwa yekha tanthwe limene lili ndi duwa, koma maina awo sanalowe m'Chilatini.

Nkhani yoseketsa, komanso yomvetsa chisoni, ndi ya duwa lotchedwa Gladiolus dalenii. Limamera lokha m'minda ndi m'madambo athu nyengo ya dzinja, lili ndi masamba ngati lupanga ndi maluwa achikasu kapena ofiirira, ndipo polima timalitema pamodzi ndi udzu. Mtundu womwewu umameranso ku South Africa, ndipo kuchokera kumeneko unafika ku Ulaya. M'chaka cha 1837 alimi a maluwa a ku Belgium anaukwatitsa ndi mtundu wina, ndipo mwa ana ake munachokera ambiri a magladiolasi aakulu amene amagulitsidwa pa dziko lonse. Zidzukulu zake zitafika kuno m'mapaketi, tinazilandira ndi manja awiri monga maluwa a Azungu, pamene gogo wawo tinkamuponda popita kumunda.

Mzinda unakula. Blantyre anakhala ndi khonsolo yake m'chaka cha 1895, njanji inafika m'chaka cha 1908, Limbe anapatsidwa khonsolo m'chaka cha 1909, ndipo matauni awiriwa anaphatikizidwa m'chaka cha 1956. M'zaka zonsezi amene ankagwira khasu m'madimba a mabwana anali abambo athu, otchedwa magadeniboyi ngakhale anali ndi imvi. Anaphunzira kudulira rozi, kumeta kapinga ndi kuzula chilichonse chimene dona sanabzale. Ufulu utabwera m'chaka cha 1964, ndipo ife titalowa m'nyumba za ku Chitawira, ku Nkolokosa ndi ku Kanjedza, tinatengera dimba lomwelo pamodzi ndi maganizo ake. Mawu akuti maluwa anayamba kutanthauza zogula ku nazale. Zomera zokha tinazitcha tchire. Ena mwa alendowo sanafune kukhala mumpanda. Lantana, wochokera ku America, anafalitsidwa ndi mbalame mpaka kutseka magombe a mitsinje, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Deliya wa ku Mexico anadzaza m'mbali mwa misewu, ngakhale iyeyu tamukhululukira pang'ono poona kuti masamba ake amabwezera chonde m'nthaka.

Sikuti panalibe otikumbutsa. Jessie Williamson anasindikiza buku la zomera zothandiza za dziko lino m'chaka cha 1955, nalikonzanso m'chaka cha 1975. Blodwen Binns anasonkhanitsa maina a zomera m'zilankhulo zathu m'chaka cha 1972, ndipo Audrey Moriarty anajambula maluwa akuthengo a Malawi m'buku la chaka cha 1975. M'chaka cha 1987 boma linakhazikitsa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, likulu lake ku Zomba. Zinadziwika kuti dziko lathu laling'onoli lili ndi mitundu ya maluwa a orchid yoposa 400, ndipo ina mwa iyo ndi yomwe ija timakumba mbatata zake popanga chinaka. Koma mabukuwo anali a Chingerezi ndiponso okwera mtengo, ndipo sanafike kwenikweni pa makomo athu.

Panthawi imeneyi thengo lija linkathawa. Nkhalango ya phiri la Ndirande inatha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pa Soche, pa Bangwe ndi pa Mpingwe, nyumba ndi minda zinakwera mpaka pamene kale pankafika alenje okha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, ndipo matope anakokolola nyumba ndi abale athu ambiri ku Chilobwe. Sitikunena kuti duwa likadaimitsa matope amenewo. Tikungonena kuti chifukwa chimene makolo athu sankabzalira maluwa a kwathu chinatha. Mwana wobadwira ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni angathe kukula, kukwatira ndi kukalamba osaonapo duwa limene agogo ake ankalidumpha tsiku ndi tsiku, pokhapokha wina atalisungira malo pakhomo.

Pali ndi nkhani ya madzi. Ambiri a madzi amene timamwa mu mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndi kukwezedwa mamita pafupifupi 800. Madzi ovuta chonchi ndiwo timathira pa kapinga ndi pa rozi mu Seputembala. Maluwa a kuno anazolowera kale mvula ya Novembala mpaka Epulo, chiperoni cha mu Juni ndi dzuwa la mu Okutobala. Ambiri amasunga chakudya pansi, m'chinthu chonga anyezi kapena mbatata. Chilimwe amagona, ndipo mvula ikagwa amadzuka okha, chaka ndi chaka, popanda kugulanso mbewu.

Tsono posankha, tiyambe tayang'ana malo amene tili nawo, pakuti duwa lililonse limafuna pofanana ndi kwawo. Pamene pali miyala ndi dzuwa tsiku lonse, monga m'mapuloti ambiri a m'mbali mwa mapiri, Aloe cameronii ndiye woyenera. Tikamuthirira kwambiri amangokhala wobiriwira. Tikamusiya ndi ludzu masamba ake amafiira ngati mkuwa, ndipo m'nyengo yachisanu, pamene dimba lonse lili mbuu, amatulutsa maluwa ofiira amene mbalame za choso zimadzamwapo. Amaphuka ana m'mbali, choncho mbewu yake ndi yopemphana pakati pa anansi. Mwana wodulidwayo timuumike pa mthunzi masiku angapo tisanamubzale, kuti asaole. Pansi pa mango kapena peyala, pamene kapinga amakana, pamayenera Scadoxus multiflorus, amene mvula yoyamba ikagwa amatulutsa mutu wofiira wobulungira ngati mpira masamba asanakule, ndiponso duwa la Kirk lija, lotuwa mofiirira ndi lachikasu pakati. Pafupi ndi mpopi, pamene madzi amadikha, tiikepo Crinum macowanii, kakombo wa m'madambo wa maluwa oyera onunkhira madzulo. Njere zake ndi zonenepa ndipo sizisungika: tingoziika pamwamba pa dothi lonyowa zikangogwa, kenaka tidikire zaka zingapo. Gladiolus dalenii sasankha, bola dzuwa ndi dothi losasunga madzi.

Cholakwa chimene ambiri timachita ndi kuganiza kuti duwa lafa pamene langogona. Masamba akauma mu Meyi, tizikepo kamtengo pamalopo, tileke kuthirira, ndipo tiuze ana ndi aliyense wogwira khasu kuti pamenepo si pobzala chimanga.

Za kopeza mbewu tiyenera kunena mosabisa. Ngati banja lililonse la m'parishi litakwera Michiru ndi khasu, tidzamaliza m'chaka chimodzi zimene moto ndi makala zasiya. Malamulo a nkhalango salola kuchotsa zomera m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Ndiponso ma orchid a pansi amadalira tizamoyo ta m'nthaka ya pamalo pawo, kotero kuti akasamutsidwa ambiri amafa. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu tiziwafunsa ngati anafesa okha kapena anakumba kuphiri. Pamene kukumba kuli chifundo ndi pa puloti imene mwini wake akufuna kumangapo nyumba, monga zikuchitika ku Chileka, ku Machinjiri ndi ku Chigumula. Kumeneko, titapempha kwa mwini malo, tingapulumutse zimene mawa zidzakwiriridwa ndi simenti.

Tasiyira kumapeto duwa limene ambiri a ife tinalionapo tili ana, Gloriosa superba, limene anzathu a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lawo. Limakwera pa mpanda pogwira ndi nsonga za masamba ake, ndipo maluwa ake ofiira ndi achikasu amapindikira m'mbuyo ngati malawi a moto. Mbatata yake ndi yosachedwa kuthyoka. Tiigoneke chammbali m'dothi la mchenga, kuya kwake ngati chikhatho, mvula ili pafupi. Koma amayi amve bwino apa: chomera chonsechi ndi poizoni woopsa, makamaka mbatatayo, ndipo m'maiko ena anthu anafa ataiyesa chilazi. Anyezi wa Scadoxus ndi wa Crinum nawonso sadyedwa. Zisabzalidwe m'dimba la ndiwo, kapena posewerera ana aang'ono, ndipo mbatata zokumbidwa zisasungidwe kukhitchini. Likakhala pa mpanda wa kuseri, kutali ndi manja a ana, limayamba kuchita maluwa cha mu Disembala. Lodulidwa m'mawa ndi kuikidwa m'madzi limakhala pafupifupi sabata yathunthu, ndipo amayi okonza guwa la ku tchalitchi pa Khirisimasi, amene zaka zambiri akhala akupukuta fumbi pa maluwa apulasitiki, angathe kutumiza mwana wamkulu kukadula nthambi zitatu kapena zinayi, nasamba m'manja akamaliza.